Nthunzi ndi Chisanu Chakumkati kwa Magalasi a Galimoto m'Nyengo Yozizira

NYIMBO YOTSEGULIRA PULOGALAMU

WOULUTSA:

Pulogalamu ya maphunziro a sayansi lero ikufotokoza chifukwa chimene magalasi a galimoto amachitira nthunzi ndi chisanu chakumkati m'nyengo yozizira, ndiponso zimene woyendetsa angachite kuti vutoli lichepe kapena litheretu. Nkhaniyi imakhudza kwambiri mayiko ozizira monga Britain, Canada ndi Norway, kumene kuyambira mu Disembala mpaka mu Febuluwale dalaivala amatha kudzuka m'mawa n'kupeza galasi lakutsogolo litagwira madzi oundana kunja ndi mkati momwe, ndipo Amalawi ndi anthu a ku Zambia amene anapita kukagwira ntchito kumayikowa amakumana ndi zimenezi asanazionepo kwawo. Ku Johannesburg, mzinda umene uli pamalo okwera mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, chisanu chimagwa m'mamawa mu Juni ndi Julayi, pamene ku Malawi chimapezeka m'malo okwera kwambiri monga ku Nyika, koma nthunzi ya pagalasi yokha imavutitsa madalaivala a maminibasi paliponse nthawi ya mvula, ndiponso nthawi ya chiperoni m'misewu ya ku Thyolo ndi ku Mulanje.

Mfundo yaikulu ya pulogalamuyi ndi yakuti kuzizira pakokha sikungaike chisanu mkati mwa galimoto, chifukwa chisanu ndi madzi, ndipo madzi amene aundana kumkati kwa galasi amakhala kuti analimo kale m'galimotomo kusanade. Pa chifukwa chimenechi, kupukuta galasi m'mawa uliwonse kumangothandiza tsiku limenelo, pamene kupeza gwero la madziwo ndi kuwatulutsa ndiko kumathetsa vutoli.

NYIMBO MWACHIDULE

GAWO LOYAMBA: MMENE NTHUNZI NDI CHISANU ZIMAPANGIKIRA

WOULUTSA:

Mpweya umakhala ndi madzi osaoneka ndi maso, amene amatchedwa chinyezi, ndipo kuchuluka kwa chinyezi chimene mpweya ungasunge kumadalira kutentha kwa mpweyawo. Kiyubiki mita imodzi ya mpweya, umene ndi mpweya wodzaza bokosi lotalika mita imodzi mbali zonse, ingasunge magalamu pafupifupi 17 a madzi pa madigiri 20 Celsius, magalamu 9 pa madigiri 10, ndiponso magalamu osakwana 5 pa digiri 0, pamene madzi amayambira kuundana. Motero mpweya wofunda wokhala ndi chinyezi ukakhudza chinthu chozizira, nawonso umazizira, ndipo ukafika poti sungathenso kusunga madzi onse amene unali nawo, otsalawo amasanduka timadontho pa chinthu chozizira chija. Mlingo wa kuzizira umene zimenezi zimayambira akatswiri a zanyengo amautcha dew point, ndipo m'pulogalamuyi ukutchedwa mlingo wa mame. Mwachitsanzo, mpweya wa madigiri 20 umene uli ndi theka la chinyezi chimene ungasunge, mlingo wake wa mame ndi madigiri pafupifupi 9, kutanthauza kuti galasi lililonse lozizira kuposa pamenepo lichita nthunzi mpweyawo ukangolikhudza. Timadontho ta nthunzi timakhala tating'ono kwambiri komanso tothithikana, moti kuwala kukatigunda kumamwazikana m'malo modutsa molunjika, ndipo n'chifukwa chake galasi limaoneka lotuwa, makamaka usiku pamene nyale za galimoto yochokera kutsogolo zaliwalira.

Galasi ndilo limazizira msanga kuposa zinthu zina za m'galimoto pa zifukwa ziwiri. Choyamba, ndi lopyapyala ndipo silinakutidwe ndi chilichonse, pamene denga ndi zitseko zili ndi nsalu ndi pulasitiki kumkati. Chifukwa chachiwiri chinafotokozedwa mu 1814 ndi William Charles Wells, dokotala amene ankagwira ntchito ku London, yemwe anasonyeza kuti mame sagwa kuchokera kumwamba monga mvula, koma amapangika pa zinthu zimene zataya kutentha kwake usiku wopanda mitambo, popeza chinthu chilichonse choyang'ana kuthambo chimataya kutentha kwake m'mlengalenga mpaka kuzizira kuposa mpweya wochizungulira. Zimenezi n'zofanana ndi zimene zimachitika m'nyumba ya malata yopanda siling'i, imene imadontha madzi m'bandakucha wa mu Juni ngakhale kunja kulibe mvula, chifukwa chinyezi cha anthu ogona m'nyumbamo chimakakhudza malata amene azizira usiku wonse. Galasi lakutsogolo la galimoto ndi lopendekeka ndipo limayang'ana kuthambo, choncho limatha kufika pa digiri 0 pamene mpweya wakunja uli pa madigiri 3 kapena 4, ndipo ichi n'chifukwa chake galimoto yogona pabwalo imagwira chisanu pamene inzake yogona pansi pa denga kapena pansi pa mtengo siigwira.

Galasi likazizira kupitirira digiri 0, timadontho timene tinalipo timaundana, ndipo chinyezi china chimasanduka madzi oundana mwachindunji osayamba chasanduka madontho, n'kupanga kachisanu koyera kooneka ngati nthenga. Chisanu chakumkati chimavuta kuchotsa kuposa chakunja chifukwa galasi ndi lopindikira mkati, moti chopalira chake, chimene n'chowongoka, chimangokhudza m'mphepete n'kusiya pakati, komanso zimene zapalidwazo zimagwera pa dashibodi ndi m'timabowo totulukira mpweya, kumene zimasungunuka n'kubwereranso pagalasi ngati nthunzi hita ikangoyatsidwa.

NYIMBO MWACHIDULE

GAWO LACHIWIRI: KUMENE MADZI AMACHOKERA

WOULUTSA:

Mkati mwa galimoto yaing'ono muli mpweya wokwana makiyubiki mita pafupifupi 3, ndipo pa madigiri 20 mpweya wonsewo ungasunge magalamu pafupifupi 50 a madzi, amene ndi masupuni aakulu atatu kapena anayi okha, pamene magalamu ochepa chabe akwanira kuphimba galasi lonse lakutsogolo. Izi zikusonyeza kuti madzi odzaza kapu imodzi, akalowa m'kapeti, akhoza kuchititsa nthunzi kwa masiku ambiri. Gwero loyamba la madzi ndi anthu okwera, chifukwa mpweya wotuluka m'mapapo umakhala wofunda ndiponso wodzaza chinyezi, ndipo anthu akachuluka m'galimoto yotseka mawindo, magalasi amatuwa m'mphindi zochepa. Gwero lachiwiri ndi zinthu zonyowa zimene anthu amalowa nazo, monga majekete, maambulera, nsapato zamatope, ndiponso chipale chofewa chimene chimakakamira kunsi kwa nsapato m'mayiko ozizira n'kusungunukira pa kapeti. Pansi pa kapeti pali chinsalu chokhuthala chochepetsa phokoso, chimene chimamwa madzi ambiri ndipo chimachedwa kuuma, moti pamwamba pakhoza kuoneka pouma pamene pansi padzaza madzi.

Madzi oterowo amayenda mozungulira tsiku ndi tsiku ngakhale galimoto itangoima. Masana dzuwa likawala, mkati mwa galimoto yotseka mumafunda ndipo madzi a m'kapeti amasanduka chinyezi, koma chinyezicho chimasowa potulukira, ndipo usiku chimakamatirira pagalasi n'kuundana, kenako m'mawa chimasungunuka n'kubwerera pansi. Maulendo aafupi amakulitsa vutoli, chifukwa galimoto imafunda mokwanira kusungunula chipale ndi kudzutsa chinyezi, koma imazimitsidwa chinyezicho chisanatuluke.

Gwero lachitatu ndi madzi a mvula olowa chifukwa cha kuwonongeka kwa galimoto. Malabala a m'mphepete mwa zitseko ndi buti amauma n'kung'ambika akakalamba, ndipo timapaipi totulutsa madzi m'galimoto zokhala ndi windo la padenga timatsekeka ndi dothi. Pansi pa mawaipa pali ngalande yolandira madzi otsika pagalasi, pomwenso pali khomo lolowera mpweya wa m'galimoto, ndipo masamba akugwa akadzaza ngalandeyo, madzi amasefukira m'sefa ya mpweya n'kutsikira kumapazi a wokwera kutsogolo. Malo ena amene madzi amabisala ndi dzenje la tayala la sipeya, limene anthu ambiri salitsegula kwa miyezi.

Gwero lachinayi ndi lofunika kulizindikira msanga chifukwa limawononganso injini. Hita ya galimoto imatenga kutentha kwake ku madzi oziziritsa injini, amene amadutsa m'karediyeta kakang'ono kobisika kuseri kwa dashibodi, kamene amakaniko amakatcha heater core. Karediyeta kameneka kakabooka, hita imapemerera nthunzi ya madzi osakanikirana ndi antifreeze, amene ndi mankhwala oletsa madzi kuundana, ndipo zizindikiro zake ndi fungo lotsekemera m'galimoto, nthunzi yamafutamafuta imene imangopakika ikapukutidwa, kapeti yonyowa kutsogolo, ndiponso madzi a mu rediyeta amene amangochepa popanda podontha pooneka. Mankhwala ambiri a mtunduwu amapangidwa ndi ethylene glycol, amene ndi poizoni, choncho galimoto yoonetsa zizindikirozi iyenera kupita ku galaja mosachedwa.

NYIMBO MWACHIDULE

GAWO LACHITATU: ZOCHITA M'MAWA GALASI LIKATUWA

WOULUTSA:

Kuti galasi liyere pafunika zinthu ziwiri zochitika nthawi imodzi, kufunditsa galasilo mpaka lipitirire mlingo wa mame, ndi kuumitsa mpweya wa mkati kuti mlingo wa mamewo utsike. Injini ikalira, woyendetsa alozetse mpweya wonse kugalasi lakutsogolo pogwiritsa ntchito batani lokhala ndi chithunzi cha galasi lopindika ndi mivi itatu yokhotakhota, aonjezere mphamvu ya fani, ndipo ayatsenso chofunditsira galasi lakumbuyo, chimene batani lake lili ndi chithunzi cha makona anayi. Kenako azimitse batani lokhala ndi chithunzi cha galimoto ndi muvi wozungulira mkati mwake, limene ntchito yake ndi kutseka mpweya wakunja kuti fani izingozunguza mpweya wa mkati womwewo. Madalaivala amene anazolowera kusiya batani limeneli chiyakire pothawa fumbi la m'misewu ya dothi amavutika kwambiri ndi nthunzi, chifukwa chinyezi cha okwera chimangounjikana osatuluka.

Anthu ambiri amadabwa kumva kuti mpweya wozizira wakunja ndiwo umaumitsa galimoto, ngakhale tsiku la chifunga, koma masamu ake ndi omveka. Mpweya wa pa digiri 0, ngakhale utadzaza chinyezi, uli ndi magalamu osakwana 5 pa kiyubiki mita, ndipo hita ikaufunditsa kufika madigiri 20 umakhala ndi malo a magalamu ena 12, choncho umayamwa madzi a pagalasi n'kutuluka nawo. Pa chifukwa chomwechi, kutsegula mawindo pang'ono kwa mphindi zochepa kumafulumizitsa ntchitoyi.

Makina oziziritsira mpweya, amene ambiri amawatcha AC, ayenera kuyatsidwa pamodzi ndi hita ngakhale kunja kukuzizira, chifukwa ntchito yawo ina ndi kuchotsa chinyezi. Mpweya umayamba wadutsa pa timapaipi tozizira kwambiri, pamene umasiya madzi ake, amene amadonthera pansi pa galimoto, kenako umadutsa pa hita n'kufika pagalasi uli wofunda ndi wouma. M'galimoto zambiri makinawa amadzizimitsa okha kunja kukazizira kufika pafupi ndi digiri 0, pofuna kuti timapaipito tisaundane, ndipo pamasiku oterowo ntchito yonse imatsalira hita ndi mpweya wakunja. Injini ya dizilo imachedwa kufunda ikangolira pamalo amodzi, pamene galimoto zambiri zamagetsi zingathe kufunditsidwa zikadali pa chaja, mwini wake asanatuluke m'nyumba. Opanga magalimoto ena anaika timawaya topyapyala tofunditsa mkati mwa galasi lakutsogolo lenilenilo, monga anachitira a Ford ndi galasi lawo la Quickclear m'zaka za m'ma 1980, ndipo galasi lotere limasungunula chisanu mosadikira injini.

Pali zinthu zitatu zoyenera kupewa. Choyamba ndi kupukuta galasi ndi dzanja kapena mkono wa jekete, chifukwa mafuta a pakhungu amatsalira pagalasi n'kusiya mizere imene imathobwa m'maso usiku, ndipo chofunika ndi kansalu koyera komwa madzi, kamene kayenera kukaumitsidwa m'nyumba, popeza kakasiyidwa m'galimoto kamabweza madzi omwe aja. Chachiwiri ndi kuthira madzi otentha pagalasi loundana, chifukwa galasi lakutsogolo limapangidwa ndi magalasi awiri omatidwa ndi pulasitiki pakati, ndipo mbali imodzi ikafutukuka mwadzidzidzi inzake ikadali yozizira, limatha kung'aluka, makamaka ngati linali ndi kachilonda kogundidwa ndi mwala. Chachitatu ndi kupala kumkati kwa galasi lakumbuyo, chifukwa timizere tofunditsa tinangomatidwa pamwamba pa galasilo, ndipo kamzere kakaduka pamalo amodzi, konse kamaleka kugwira ntchito.

NYIMBO MWACHIDULE

GAWO LACHINAYI: KUUMITSA GALIMOTO

WOULUTSA:

Ntchito yeniyeni yoletsa chisanu chakumkati imachitika madzulo. Ulendo ukatha, mpweya wa m'galimoto umakhala wofunda ndi wodzaza chinyezi, choncho kutsegula zitseko kwa mphindi imodzi kapena ziwiri musanatseke kumalowetsa mpweya wozizira wokhala ndi madzi ochepa, ndipo chimene chingaundane usiku chimachepa. Majekete, maambulera ndi zovala zonyowa zisagone m'galimoto, chipale ndi matope zichotsedwe kunsapato munthu asanalowe, ndipo m'nyengo yozizira timakapeti ta labala tokhala ndi milomo m'mphepete timathandiza kuposa ta nsalu, chifukwa madzi ake amangokhuthulidwa panja. Kapeti ikapezeka yonyowa mpaka pansi, iyenera kutukulidwa kuti chinsalu cha pansi pake chiume, ndipo gwero la madziwo lifufuzidwe, apo ayi mumayamba chuku, fungo loipa ndi dzimbiri, komanso mawaya a magetsi odutsa pansi pa kapeti amawonongeka. Ngalande ya pansi pa mawaipa ichotsedwe masamba, ndipo sefa ya mpweya isinthidwe pa nthawi yake, chifukwa ikatsekeka fani imapemerera mofooka.

Kuyeretsa galasi kumkati n'kofunika kuposa mmene ambiri amaganizira, chifukwa fumbi, utsi wa fodya ndi kamafuta kotuluka m'mapulasitiki a dashibodi zimapatsa timadontho pogwira, moti galasi lakuda limatuwa msanga ndipo limachedwa kuyera. Mankhwala opaka oletsa nthunzi sachotsa madzi, koma amawachititsa kuyalana mopyapyala m'malo mopanga timadontho, choncho kuwala kumadutsa bwino, ngakhale kuti mphamvu yake imatha pakapita nthawi. Timatumba toyamwa chinyezi ta silica gel, timene timaumitsidwanso tikakhuta, timathandiza pa chinyezi chochepa chotsalira, koma sitingagonjetse kapeti yonyowa, pamene zoyamwa chinyezi za calcium chloride zimasanduka madzi amchere amene akatayikira m'galimoto amadyetsa chitsulo dzimbiri. Chophimba choyala kunja kwa galasi usiku chimaliteteza kuti lisataye kutentha kwake kuthambo, choncho chimachepetsa chisanu chakunja ndipo chimachedwetsanso chakumkati.

NYIMBO MWACHIDULE

GAWO LACHISANU: MALAMULO NDI NGOZI

WOULUTSA:

Ku Britain, buku la malamulo a pamsewu lotchedwa Highway Code, pa lamulo 229, limafuna kuti woyendetsa asananyamuke achotse chipale ndi madzi oundana pa mawindo onse, aonetsetse kuti magalasi oonera kumbuyo ndi oyera ndiponso kuti nthunzi yatha, choncho munthu wongoboola kadiso pagalasi n'kuyamba ulendo akhoza kulipitsidwa chindapusa. Lamulo 123 la m'buku lomweli limaletsa kusiya galimoto ikulira popanda munthu pamsewu wa anthu onse, ndipo kuwonjezera pa lamuloli, akuba amadziwa kuti m'mawa wa chisanu anthu amasiya makiyi m'galimoto n'kubwerera m'nyumba, pamenenso makampani a inshuwalansi kawirikawiri amakana kulipira galimoto yobedwa motero.

Ngozi yaikulu kuposa zonsezi ndi kufunditsa injini m'galaja yotseka, kapena pamalo pamene chipale chatseka paipi yotulutsa utsi. Utsi wa injini uli ndi carbon monoxide, mpweya wopanda fungo ndi mtundu, womwewo umene umapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'chipinda chotseka. Mpweyawu umakakamira m'magazi mwamphamvu nthawi zoposa 200 kuyerekeza ndi mpweya wa okosijeni, moti munthu amayamba kumva mutu, chizungulire ndi tulo, ndipo amatha kukomoka asanazindikire chimene chikuchitika. Galimoto iyenera kutulutsidwa panja injini ikangolira, ndipo paipi ya utsi ichotsedwe chipale munthu asanakhale mkati.

Pomaliza, omvera akumbukire ndondomeko yosavuta yodziwira kukula kwa vuto. Nthunzi imene imabwera anthu akakwera, n'kutha m'mphindi zochepa hita, AC ndi mpweya wakunja zikagwira ntchito limodzi, si chizindikiro cha kuwonongeka kulikonse. Koma galimoto imene imapezeka yonyowa kapena youndana kumkati m'mawa uliwonse, munthu asanakweremo, ili ndi madzi obisika, ndipo mwini wake ayenera kupisa dzanja pansi pa makapeti onse, kutsegula dzenje la tayala la sipeya, kuyang'ana ngalande ya pansi pa mawaipa ndi kuona mlingo wa madzi a mu rediyeta injini ili yozizira, ndipo ngati gwero silikuoneka, apite nayo kwa makaniko. Pulogalamu ya lero yathera pamenepa.

NYIMBO YOTSEKERA PULOGALAMU